Thupi Lozizira M'chikuta

"Ndati mwana wanga satulukanso m'nyumba muno. Munamutulutsa dzana mchombo wa khanda usanagwe, taonani lero."

Mayi Evelesi ankalankhula atayang'ana khoma, pakuti wouzidwayo anali mkamwini wawo, ndipo mkangano ungakule bwanji, mpongozi sayang'anizana naye maso. Mkamwiniyo, Lorenso, anali atanjuta kuseri kwa nkhokwe ya mapira, chipewa chili pabondo. Mawu ake ankachita kuzungulira nkhokweyo kuti akafike pakhonde.

"Amayi, ine ndinangopita naye kuchipatala. Ankalira m'mimba."

"Nanga kuchipatalako anati chiyani? Anati malungo alibe, thupi silikutentha, bwererani. Anangomupatsa timapiritsi ta mutu. Ngati makina awo sakuona kanthu, ndiye kuti matendawa ndi a konkuno, ndipo mwini wake akuwadziwa."

Pa nthawi imeneyo njinga ya kabaza inaima kumpanda, ndipo Mervis anatsika, chikwama chili kumsana. Iye anali mwana woyamba wa mayi Evelesi, namwino pa chipatala chaching'ono cha m'dera la Maseya. Mng'ono wake Flossy atangobereka, iye ananyamuka m'mawa mwake kupita kuboma kumaphunziro, ndipo anakhalako masiku asanu.

"Kwagwanji, amayi? Mawu anu ndayambira kuwamva pa mlambe paja."

"Funsa alamu akowo. Mkazi ali m'chikuta, iwo ayamba kale kuyendayenda. Am'sempha Flossy."

"Nkhabe, alamu," anakana Lorenso m'Chisena cha kwawo kwa Mbenje. "Ine ndikachoka kodula nzimbe ndimabwera pano. Ndikachoka pano ndimapita kodula nzimbe. Ndiyende nthawi yanji?"

"Chikomekome cha nkhuyu," anayankha mayi Evelesi, "m'kati muli nyerere."

Mervis analunjika kukhomo. Anakankha chitseko n'kulowa.

M'chipindamo munali mdima wa masana, uja wodulidwadulidwa ndi timizere ta dzuwa tolowera m'mabowo a malata. Flossy anali atagona pa mkeka, khanda lili pambali pake. Ataona mkulu wake anamwetulira, kumwetulira kokongola kwa munthu amene wangouzidwa chinsinsi.

"Achemwali, mwabwera pa bwato?"

"Pa njinga, Flossy."

"Mwadutsa bwanji? Madzi afika pakhomo. Maluwa a nyika, oyandama pamadzi aja, angoti mbee mpaka kwa Kasisi. Ndimafuna ndikathyole limodzi ndimuonetse mwanayu, koma bwato lake likungozungulira, silikufika."

Unali mwezi wa Okutobala. Kunja nthaka inali itang'ambika ngati chidendene, ndipo Shire anali kutali, ulendo wa ola lathunthu.

Mervis anagwada n'kuika dzanja pachipumi pa mng'ono wakeyo. Panali pozizira, ponyowa pang'ono, ngati kunja kwa mtsuko. Anayang'ana wotchi ya pachifuwa pake n'kuwerenga mmene chitenje chinkakwerera ndi kutsika. Pa mphindi imodzi, Flossy anapuma ka 28. Anatulutsa m'chikwama makina oyezera kuthamanga kwa magazi, n'kumanga pamkono. Nambala yapamwamba inaima pa 86. Atatukula chitenje anamva fungo limene namwino aliyense amalidziwa.

Anaika manja pamawondo. Kusukulu ya unamwino anawaphunzitsa kuti tizilombo tikalowa m'magazi, matenda amene amawatcha sepisisi, munthu umafunafuna moto: thupi lotentha, mtima wothamanga. Chipepala chomwe chinamatidwa pakhoma la chipatala chawo zaka zambiri zapitazo chinkanenanso za motowo. Koma maphunziro amene ankachokerawa anali a kafukufuku amene analowamo chaka chomwecho. Kumeneko anawauza kuti madokotala a kutali anakhala pansi n'kusintha tanthauzo la matendawa. Tsopano sepisisi ndi pamene ziwalo za m'thupi zayamba kugonja, moto ukhalepo kapena usakhalepo. Zizindikiro zoyang'ana msanga zinali zitatu: kupuma mofulumira, magazi kutsika, ndi mutu kusokonezeka. Ziwiri zinali zokwanira kuchititsa mantha. Flossy anali nazo zonse.

Koma lamulo la kafukufukuyo linali lakuti namwino azilemba zonse pa fomu, za njira yakale ndi za njira yatsopano, pamene chithandizo chizitsata chipepala cha pakhoma mpaka zotsatira zidzatuluke. Zotsatirazo zinali zoti zidzatuluka patatha zaka ziwiri.

"Ukumumva?" Mayi Evelesi anali ataima pakhomo. "Akuona madzi pouma. Ndi mmene anachitira Priska wa kutsidya kwa msewu uja. Mwamuna wake anakana kuulula mpaka tinakamuika m'manda."

Mervis anaweramitsa mutu. Priska ankamudziwa kuposa mmene mayi ake ankaganizira. Ndi iye amene anamuyeza miyezi inayi yapitayo, nalemba pa fomu kuti akupuma ka 26 ndipo akulankhula zosalunjika, kenako n'kumuona akukwera njinga kubwerera kwawo chifukwa thupi silinkatentha. Patatha mwezi anapita kukamuyendera monga kafukufuku ankafunira, ndipo anapeza nyumba yotseka. Anasainira kuti sadzatchula dzina la wodwala aliyense wa m'mafomu aja, choncho nkhaniyo ankagona nayo, kudzuka nayo, yekha.

"Amayi, Flossy tipite naye kuchipatala tsopano lino."

"Anapita kale."

"Apitenso. M'chiberekero mwake mwalowa tizilombo, ndipo tafika m'magazi."

"Tizilombo topanda moto? Si iwe wemwe unkatiuza pano kuti munthu akatentha thupi tizithamanga naye? Lero wazizira, ukuti tithamangenso. Ndiye timve ziti?"

"Zinasintha, amayi."

"Matenda amasintha ngati mtengo wa thonje? Ine ndabereka ana asanu ndi mmodzi. Tsempho ndimalidziwa. Munthu wosemphedwa akadumpha khomo mwamuna asanaulule, amathera panjira. Sindikufuna kukatola mwana wanga m'fumbi." Anakhala pansi pakhomopo n'kutambasula miyendo kuchokera ku mphuthu iyi kufika ku inayo.

"Ine ndine namwino, amayi."

"Ndiwe namwino kuchipatala. Pano ndiwe mwana amene ndinamusambitsa. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

"Akagonera, Flossy sakhalapo woti awamve."

Mayi Evelesi sanasunthe. Mervis anaona kuti si nkhanza zimene zinawakhazika pamenepo, koma mantha. Anadumpha miyendo yawo n'kupita kuseri kwa nkhokwe.

Lorenso anadzutsa maso. Anali ofiira ngati a munthu amene wakhala mu utsi wa nzimbe.

"Alamu, musandibisire. Ali ndi masiku angati?"

"Si masiku. Dzuwa ili likalowa ali pa mkeka paja, sindikudziwa."

Mwamunayo anayang'ana dzuwalo. Linali litangopendeka kumene, loyera ngati mbale ya chitsulo.

"Ndikavomera, amulola?"

"Muvomere chimene simunachite?"

"Sindinafunse zimenezo, alamu. Ndati amulola?"

"Mukudziwa chimene chidzatsatire? Mudzi uno ndi wathu, si wanu. Adzakumangirani katundu."

"Walira mvula walira matope. Tsiku limene ndinamuona akuchapa padoko, atavala bulauzi yachikasu, thovu mpaka m'zigongono, ndinauza Mulungu kuti andipatse ameneyu, zina zonse ndidzasenza. Ndiye lero Mulungu wabwera ndi katundu wake."

Anaimirira, n'kupita pabwalo, n'kugwada atafulatira khonde. Analankhula pang'onopang'ono, mawu aliwonse paokha.

"Amayi, ndalakwa. Ndinagona kunja."

Nkhuku zinkapalasa pansi pa mtengo wa nimu. M'nyumba muja khanda linayamba kulira.

"Ndi ndani?" anafunsa mayi Evelesi motsitsa.

"Wa kumsika. Dzina lake sindinafunse."

Mayiwo anatulutsa mpweya wautali. Anadzuka, n'kumasula kansanza kamene anakonzeratu, n'kuthira ufa wa mizu ndi kamchere m'chikho cha madzi. Anapatsa Mervis kuti akapereke kwa mkamwiniyo, ndipo Lorenso anamwa. Otsalawo anapaka pamilomo ya Flossy. Kenako anati, "Kabwerekeni ngolo kwa a Andrea. Fulumirani."

Panjira Flossy ankaimba chapansipansi. Ngolo ikagwedezeka iye ankati ndi mafunde, ndipo anapempha mwamuna wake kuti apalase bwino, asadzutse mvuu. Lorenso ankangoti, "Ndikupalasa, mayi a mwana, ndikupalasa," uku akukwapula ng'ombe. Mayi Evelesi anakhala kumbuyo atafungatira khanda, nkhope itayang'ana kumene ankachokera. Patsogolo pawo msewu unkanyezimira ndi kutentha, mwakuti Mervis nayenso anayamba kuona ngati migwalangwa yaima m'madzi.

Mkulu wa chipatala chimene Mervis ankagwirako ntchito anali a Mailosi, munthu wa imvi zochepa amene anthu ankangomutcha dokotala. Anatenga kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, n'kukapanikiza m'khwapa mwa Flossy, n'kudikira mpaka kanalira.

"35.6. Sisita, ameneyu ndinamuona dzana. Malungo alibe, moto alibe."

"Akupuma ka 28, bwana. Magazi atsika kufika pa 86. Sakudziwa kumene ali."

"Manambala amenewo achokera m'makina a kafukufuku. Athu batire linatha kalekale. Ndipo munasaina nokha kuti za kafukufuku sizilowa m'chithandizo."

"Ndi mng'ono wanga."

"N'chifukwa chake mukuona zambiri. Mayi wongobereka kumene, kutentha kuno, wosadya bwino, angalephere kubwebweta? Timuike dilipi apume." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Ndikaimba foni yoitana ambulansi amandifunsa mafunso awiri: akutaya magazi? Thupi latentha bwanji? Galimoto ndi imodzi, zipatala ndi zambiri. Mwezi watha ndinaiitanira mayi amene anangokomoka ndi njala, ndipo kwina munthu anaberekera pakhonde akuidikira. Mawu amene ndinalandira tsiku limenelo simungawakonde."

"Tanthauzo la matendawa linasintha, bwana. Kunja konse akudziwa."

"Lisinthe kunjako. Likadzafika pakhoma apa ndi chidindo, ndidzalitsata. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, sisita, wa pachala ndi wa mphepo."

Mayi wina anaitana pakhomo kuti mwana wake akusanza, ndipo a Mailosi anatuluka. Mervis anaika dilipi pamkono wa Flossy. Madontho anayamba kugwa limodzilimodzi. Kenako maso ake anagwera pazenera. Linali la chitsulo, loyang'ana kumadzulo, ndipo dzuwa linali litaliwotcha kuyambira masana. Anamwino onse ankadziwa kuti pamenepo sutsamirapo mkono.

Anatenga kachipangizo kaja. Anaona mayi ake ali panja pa benchi, akugwedeza khanda. Anaona Lorenso ali chiimire pafupi ndi ng'ombe, kutali ndi aliyense. Anagoneka nsonga ya kachipangizoko pachitsulo, n'kuwerenga mumtima. Koyamba nambala inakwera mopitirira, yoti palibe angaikhulupirire. Anakazimitsa, n'kukapepesera mphepo, n'kuyesanso mongokhudza. Kanalira pa 39.2.

"Achemwali," anatero Flossy, maso ali kudenga, "mukuwedza chiyani pazenerapo?"

"Bwato lako lija, Flossy. Gona."

A Mailosi atabwerera, Mervis anawapatsa kachipangizoko. Mkuluyo anakayang'ana, n'kuyang'ana Mervis, n'kuyang'ananso nambala ija.

"Wakwera msanga chonchi?"

"Ndayezanso, bwana."

"Mwaona kudekha? Moto ukakhalapo subisala. Mubayeni majakisoni awiri aja opha tizilombo, ine ndikuimba foni."

Ambulansi inafika dzuwa lili pamwamba pa migwalangwa. Kuchipatala chachikulu anapeza kuti m'chiberekero munatsalira zina pobereka paja, ndipo zinali zitayamba kuwola. Anamutsuka, n'kumuika madilipi motsatizana. Masiku anayi Flossy ankangoyandama pakati pa tulo ndi maso. Tsiku lachisanu anatembenuka n'kufunsa chifukwa chake mwana wake avekedwa chipewa chonyansa chotero, ndipo Mervis anatuluka panja kukalira.

Patatha masabata atatu, Flossy anali kunyumba, wowonda ngati bango koma akuyenda yekha. Anthu ankabwera kudzamuona, ndipo aliyense mayi Evelesi ankamufotokozera chimodzimodzi.

"Anangoulula basi, mwana wanga n'kudzuka. Mwamuna wa Priska akanatero, bwenzi Priska tili naye. Inu atsikana muzimva, tsempho si nthano."

Kuchipatala nakonso a Mailosi ankagogoda chipepala cha pakhoma chija ndi chala pamaso pa anamwino ena. "Akuti chakalamba ichi. Koma ndi chimene chinagwira matenda a mng'ono wake wa sisita Mervis. Tikanathamangira zatsopanozi, bwenzi tikuitana ambulansi tsiku lililonse."

Lorenso ankadya yekha. Amayi a pamjigo akamuona ankasiya kucheza mpaka adutse. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anali ataitanidwa kuti adzakhale pansi Loweruka kukamba za banja lake.

Lachinayi masana, Mervis anakhala pansi pa nimu, fomu ya kafukufuku ili pamwendo. Aliyense wofika pachipatala atadwala chotero ankalembedwa, choncho Flossy nayenso anali ndi fomu yake. Mabokosi onse anali odzaza kupatula limodzi, la kutentha kwa thupi. Masabata atatu ankalidumpha. Flossy anabwera ndi khanda n'kukhala pambali pake.

"Mukundilemba ine pamenepo?"

"Iwe wemwe."

"Mulembe kuti ndine wokongola."

"Bokosi limenelo analiiwala."

Anaseka pang'ono. Mphepo yotentha inagwetsa timasamba ta nimu pamutu pa khandalo, ndipo Flossy anatichotsa kamodzikamodzi.

"Achemwali, tsiku lija anthu akuti ndinali kutali. Ndinalidi kutali. Ndinali pamadzi oyera, opanda gombe, ndipo kunali bwino moti sindinkafuna kubwerako. Koma makutu anatsala kuno. Ndinawamva bambo a mwanayu akuulula."

Mervis anaika cholembera pansi. "Flossy, pali zimene uyenera kudziwa."

"Ndikuzidziwa. Amuna angawa chinthu chikawakhudza mtima, Chisena chimatuluka chokha. Tsiku limene anandifunsira sindinamve theka la zimene ananena. Koma pabwalo paja analankhula Chichewa choyera ngati owerenga nkhani pa wailesi. Ndili m'bwato muja ndinati, taonani bodza la munthu wanga."

"Nanga bwanji wakhala chete?"

"Anandiletsa. Akuti amayi akadziwa kuti anawapusitsa, manyazi adzawapha, ndipo ndi bwino anyozeke iwo. Akuti mkamwini ndi mlendo, mlendo ndi mame." Anayang'ana fomu ija. "Nanga inu chakuvutani n'chiyani pa kabokosi kamodzi?"

Mervis anayang'ana uku ndi uku. Kenako anamuuza zonse: za chipepala chakale, za tanthauzo latsopano, za zenera lachitsulo. Flossy anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Ndiye ambulansi inabwerera zenera?"

"Inabwerera zenera."

"Mulungu akhululukire banja lino." Anapukuta misozi ya kusekako. Kenako nkhope yake inasintha pang'onopang'ono, ngati madzi mtambo ukadutsa. "Mukalemba ya pazenera chichitika n'chiyani?"

"Palibe. Akafukufuku adzawerenga kuti njira yakale inakupeza. Udzakhala umboni woti chipepala chija chikhalebe pakhoma."

"Mukalemba yoona?"

"Adzaifananiza ndi imene ili pa kalata ya ambulansi. Adzandiitana. Mwina yunifolomu iyi ndidzavula."

Flossy anadzutsa maso. Kutsidya kwa mpanda kunkadutsa mtsikana atasenza ndowa, akuyenda mopendama chifukwa cha mimba yaikulu.

"Uyo ndi Jesinta wa a Andrea," anatero. "Mwezi wake ndi uno. Mwamuna wake mukumudziwa, sangavomere ngakhale chimene wachitadi. Ndipo inu simukhala pazenera tsiku lililonse. Akadzazizira ameneyu, adzamunamira ndani?"

Mervis anamutsatira mtsikanayo ndi maso mpaka anakhota. Anatola cholembera n'kulemba manambala ooneka bwino: 35.6. Pansi pake, pamzere wa ndemanga, analemba zimene anachita, n'kusaina dzina lake.

"Yanu yatha," anatero Flossy. "Yatsala yanga, ndipo sindidikira Loweruka."

Anapatsa mkulu wake khandalo, n'kugwira tsinde la nimu, n'kuimirira pang'onopang'ono. Mayi Evelesi anali pakhonde akupeta mapira, mankhusu akuuluka m'dzuwa.

"Amayi, taikani lichero pansi mubwere kuno. Muitanenso akamwini anu, akhale poti amve. Ayamba achemwali kulankhula, kenako ine."

"Nkhani yanji masana ano?"

"Ya amene anandichiritsa."

Mayi Evelesi anamwetulira, n'kukutumula chitenje chawo, n'kuyamba kubwera.